Mapazi a M'chipinda Cham'mwamba kwa a Don Lalo

Wina akadzakuuzani kuti Osmín anamuthamangitsa kunja kuja ku Maryland ndipo akubisala m'chipinda cham'mwamba kwa bambo ake chifukwa cha manyazi, mumuuze akatsuke m'kamwa. Limenelo ndi bodza lamkunkhuniza. Inde mapazi amamveka, zitseko zimamenyeka, ndipo Lamulungu lina anthu ochokera ku Misa anamva mpaka mwana akuseka. Koma makutu amanamiza, makamaka makutu a anthu osowa chochita ngati a mumsewu mwathu muno.

A Don Eulalio, amene tonse timangoti a Don Lalo, ndi munthu wa nthambo kuyambira unyamata wawo. Anayamba ndi kukonza mawailesi pakhonde la msika, kenako n'kumamangirira masipika m'mabasi opita ku San Miguel, aja oti ukatsikamo makutu amalira mpaka mawa. Pa chikondwerero cha woyera wa tauni yathu, munthu amene munkamuona ali pamwamba pa mtengo wa magetsi, tepi yakuda ataluma kukamwa, anali iwowa. Mwana anabereka mmodzi yekha, Osmín, amene anapita Kumpoto, ku Maryland komweko, ndevu zisanamere bwino. Kumeneko anayamba kupenta nyumba za eni dziko, anakwatira, n'kubereka kamtsikana dzina lake Kimberli. Akazi awo a Don Lalo, a Niña Tránsito, anatsatira kukathandiza kulera khandalo, ati kwa miyezi yochepa chabe. Khandalo pano likuvala nsapato za gogoda, koma agogo ake akadalilerabe.

Mu El Salvador muno, ukakhala ndi mwana Kumpoto koma osamanga nyumba yosanja, anthu amati mwanayo ali kundende. Ndiye Osmín anamanga, ya matailosi onyezimira, chipinda cha aliyense m'mwamba. Analamula kuti m'makoma muikidwe nthambo za buluu za intaneti, chipinda chilichonse ndi soketi zake, zonse n'kukakumana m'kabati ya pansi pa masitepe, poti Kimberli popanda intaneti sapuma. Lamulo lina linali loti pakhoma pasakhomedwe ngakhale msomali mpaka eni ake atabwera. A Don Lalo anasamukiramo ngati mlonda, kumayenda monyang'ama m'nyumba ya mwana wawo.

Khirisimasi imene anati abwera onse, m'malo mwawo kunabwera katoni yochokera kwa Osmín. Munali tivi yaikulu ngati chitseko, chokuzira mawu, ndi masipika asanu: atatu a kutsogolo, awiri oika kumbuyo kwa sofa kuti filimu izikuzungulira. Vuto linali awiri akumbuyowo. Kuyala nthambo pamatailosi kunali kudzitchera msampha, kugoba khoma kunali kuswa lamulo. Nkhalambayo inayang'anitsitsa masoketi aja, amene anali asanalawepo intaneti chiwaikireni, manja n'kuyamba kuyabwa. Inatenga pulayala, n'kudula mitu ya nthambozo. M'kati munali tinthambo tisanu ndi titatu, topotana tiwiritiwiri, topyapyala ngati ndevu za chimanga. Kamodzi pakokha sikakanatha kunyamula mawu, ndiye inapota tinayi uku, tinayi uku, n'kupeza nthambo ziwiri zonenepa bwino. Nzeru zinalipo ndithu. Chimene chinalibe ndi chizindikiro: m'kabati muja nthambo zonse zinali za buluu, mmisiri amene anaziika sanalembe kuti iyi ikupita kuti. A Don Lalo analumikiza mongoganizira.

Anayatsa filimu. Kutsogolo kunkalira bwino, kumbuyo kwa sofa kuli zii. Ananyamula sipika imodzi kukhwapa n'kuyamba kuyesa soketi ndi soketi, chipinda ndi chipinda, mpaka inalira m'mwamba, m'chipinda cha Kimberli chija cha makoma apinki, chimene matiresi ake akadali m'pulasitiki. Anaisiya pabedi kuti atsike akasinthe nthambo m'kabati.

Tsono amene simunakhalepo ndi zinthu zimenezi mudziwe kuti sipika yakumbuyo siyankhula nkhani ya filimu. Ntchito yake ndi tinthu ta kuseri: chitseko chotsekeka, mapazi, mpando wokokedwa, mbale zogundana, wina woitana chapatali. A Don Lalo ali pakati pa masitepe anamva m'mwamba wina akuthamanga, chitseko phwaa, kenako kamtsikana kakuseka. Anaima. Anakhala pansi pomwepo, pulayala ili m'manja, mpaka filimu inatha. M'kabati muja sanasinthemo kanthu. M'mawa mwake sipika inayo anakaiika m'chipinda cha Osmín.

Kuyambira pamenepo mafilimu a mfuti anawasiya. Ankasankha a mabanja akuluakulu, odya pamodzi ndi kukangana, n'kutsitsa mawu a kutsogolo, mazenera a m'mwamba atatsekula kuti kuzipita mphepo. Mphekesera inabadwira pamazenera amenewo. Ndipo a Don Lalo anaiyamwitsa okha, pakuti akafunsidwa pogula ma pupusa, zikondamoyo za chimanga zathu za kuno, ankangokweza mapewa, n'kugula oti adye anthu atatu. Galu wawo ananenepa mpaka kulephera kudutsa pampata wa geti.

Amene anaphulitsa chithupsa ndi a Niña Chayo, amene anamuimira Osmín pa ubatizo. Anafika masana a Lamulungu atanyamula poto wa msuzi wa nkhuku, n'kuwapeza a Don Lalo atatchinga masitepe.

"Don Lalo, mwana ameneyu ndinamunyamula ndine pamaso pa ansembe. Kuthamangitsidwa si khate. Ndipatseni njira."

"Akugona, Niña Chayo."

"Wogona amakoka mipando? Tasunthani apa, nkhalamba yabodza inu, msuzi ukuzizira."

A Niña Chayo anakwera, akuitana dzina la mwana wawo wa ubatizo. Anapeza kabokosi kakuda katakhazikika pa pilo, nthambo ya buluu itatuluka m'khoma ngati mchira wa khoswe, ndipo m'kabokosimo mayi wina wa m'filimu ankayala mbale patebulo. Anatsika, poto n'kumusiya pa mbaula. Koma kukhala chete kwa a Niña Chayo kumathera pageti. Dzuwa lisanalowe nkhani inali itafika ku Maryland.

Foni ya vidiyo italira, a Don Lalo anayamba avala shati yosita. Mumtima ankati manyazi ndi manyazi, koma mwina tsopano mwana amva chimene pakamwa pankalephera kunena.

"Ababa, n'zoona kuti mwadula mitu ya nthambo zanga? Zijatu ndi za intaneti, si za m'mabasi anu aja."

"Bwera udzazikonze, mwana wanga."

"Ndituma munthu."

Kumbuyo kwake a Niña Tránsito ankakalipa kuti ukalamba wawalowa m'mutu, awachititsa manyazi mpaka kutchalitchi kwawo komweko. Kimberli anadutsa, anakweza dzanja, n'kunena kanthu m'Chingerezi kamene agogo ake sanakamve.

Munthuyo anabweradi kuchokera ku San Miguel, n'kubwezeretsa mitu pa nthambo zonse, kuziika zizindikiro bwinobwino. Anabweretsanso mphatso ya Osmín: masipika awiri opanda nthambo, kuti bambo asiye kusewera ndi makoma. A Don Lalo anawayesa m'mwamba, koma simenti imene mwana wawo anathira pakati pa nyumbayo ndi yochindikala, mawu sankadutsa. Anakhala pa sofa, nyumba yonse ili duu, akumva furiji yokha. Akuluakulu anati kali kokha n'kanyama. Mmisiri uja asanakwere n'komwe basi, pulayala inali italowanso m'kabati, ndipo ulendo uno zizindikiro zinawathandiza kupeza chipinda cha Kimberli osavutika.

N'chifukwa chake mapazi akumvekabe, ndipo ouma mitu akuti a Niña Chayo akungobisa mwana wawo wa ubatizo. A Don Lalo sawatsutsa, amangogula ma pupusa a anthu atatu. Osmín sanabwere, ndipo amene amayenda m'mwambamo ndi anthu a m'filimu.