Tasibihi ya a Uledi m'mbali mwa dziwe

A Uledi ndi telala wa pa khonde la sitolo ina m'tauni ya Zomba, ndipo amakhala ku Chinamwali. Madzi amene amawakhulupirira ndi a m'ndowa basi. Mng'ono wawo anapita ndi mtsinje wa Likangala iwo ali mwana, akuona ndi maso awo, ndipo kuchokera pamenepo ngakhale ngalande ya mvula amailambalala. N'chifukwa chake mwana wawo Sumaya atangoyamba sukulu anamutengera ku dziwe losambiramo la pa kalabu ina, ati uyu yekha madzi asadzamudzidzimutse. Anamusokera okha chovala chofika m'mawondo ndi m'zigongono. Sanadziwe kuti adziputira ntchito, poti mtsikanayo anakonda madzi ngati bakha.

Atafika Fomu 3, kochi wake womuphunzitsa kusambira, a Anderson, anati akhoza kukapikisana ku Blantyre ngati ataphunzira kusunga liwiro. Vuto la Sumaya linali kuyamba ndi phuma n'kuthera mpweya pakati. Pankafunika munthu woti aziona nthawi imene akutenga kupita ndi kubwerera, ulendo uliwonse, kuti womaliza usasiyane kwambiri ndi woyamba. Kochiyo ankabwera Loweruka lokha, choncho masiku ena onse ntchitoyo inagwera bambo.

Zoyesera nthawi pa foni a Uledi anazikanitsitsa. Ati zala zawo zakhala zikuyendetsa tasibihi, mikanda yopempherera ija, kuyambira asanamere ndevu, ndipo sizichedwa kapena kufulumira. Ankakhala pa benchi, patali ndithu ndi madzi, n'kumasuntha mkanda umodziumodzi, milomo ikugwedera. Mwana akagunda khoma ankamuuza mikanda imene yadutsa. Ikachepa ndiye kuti wathamanga, ikachuluka wachedwa. Poyamba zinkayendadi, ndipo pobwerera bamboyo ankayenda motukula chifuwa ngati asambira ndi iwo.

Kenako kochi anaphunzitsa Sumaya kutembenukira pansi pa madzi, kudzikankha pa khoma n'kukatulukira kutsogolo. Kuyambira sabata imeneyo mikanda inayamba kuchuluka. Sumaya ankavuuka ali wefuwefu, n'kuuzidwa kuti wachedwanso. Anawonjezera mphamvu mpaka mapewa kuphwanya, koma mikanda inkangochulukabe. Ine ndimakhala nawo moyandikana, ndipo zinkandiwawa mtima kumuona akubwerako ali duu, mwana amene kale ankalongolola msewu wonse. Lachisanu lina anauza bambo ake kuti mawa akatsanzika kwa kochi, thupi lake lakana.

A Anderson sanalimbane naye. Anangopempha kuti asambire komaliza, iwo agwire wotchi, bambo agwire mikanda yawo. Wotchi inaonetsa kuti Sumaya anali asanasambirepo mwachangu chotero, ndiponso maulendo ake anali ofanana bwinobwino. Mikanda inanena zake zomwe zija. Koma kochi anali akuwaonera chakumbali bambowo. Mutu wa mwana ukangomira pa khoma paja, zala zawo zinkathamanga ngati makina osokera, osaleka mpaka utatuluka.

Kochi atawauza zimenezi, a Uledi anayang'ana manja awo nthawi yaitali. Manyazi anawagwira, komanso chisoni chachikulu, poti mwana anali atadzizunza masiku onsewo chifukwa cha iwo, n'kutsala pang'ono kusiya chinthu chimene amachikonda.

"Ukalowa pansi paja ine sindiwerenganso, mama," anauza mwana wawo chapansipansi. "Ndimangopempha kuti utuluke."

Sumaya sanatsanzike. Anapita pa benchipo ali chinyowere, n'kutsamira phewa lawo mpaka malaya a bambo ananyoweratu. Iwo sanasunthe.

"Baba, nthawi aziona ena," anawauza. "Inu muzingobwera."