Mchere Pakhoma

Ndinabwerera ku Kafue nditasiya koleji pakati. Ine ndimati ndinasiya. A kukoleji ali ndi mawu awo ena, koma iwo sakulemba buku.

Ndinapeza atate akugwirabe ntchito ku fakitale ya nsalu, mbali yonyika utoto. Manja awo ankasintha mtundu sabata ndi sabata, moti Lamlungu akatambasula buku la nyimbo, azimayi a kwaya ankadziwiratu chitenge chimene chituluke mwezi wamawa.

Nyumba zathu zinamangidwa ufulu utangobwera, nthawi imene basi iliyonse inkatsitsa anthu a kwathu kum'mawa, aliyense ndi sutikesi ya malata ndi chiyembekezo cha ntchito. Mzere wathu unali womalizira, moyang'anana ndi dambo. Ntchito itayamba kuchepa, mabanja ena anasamukira ku Nangongwe, ena kumudzi. Nyumba zawo zinada, udzu n'kuyamba kusuzumira pazenera. Kenako kunamveka kuti mkulu woyang'anira nyumba abwera kudzaona mzerewo. Akaupeza wakufa augwetsa, ndipo ife otsala tikadzionere kolowera.

Amai anamva nkhaniyi akuchapa. Sanasiye kuchapako.

"Ine ndinalowa muno simenti isanaume," anatero. "Mpopi woyamba m'moyo wanga ndi uwu. Akafuna kugwetsa, agwetse ndili m'kati."

Atate anaona kuti izi si zocheza, ndipo madzulo anaitana amuna a mumzere pakhonde pathu. Anagwirizana kuti nyumba zonse zipakidwe, ndi zopanda anthu zomwe. Penti m'masitolo munalibe. Laimu analipo, koma atate anati kuyera n'kwa chipatala. Ku fakitale kunali migolo ya utoto wotsala umene kapitawo anawalola kutenga, ndipo pakhondepo panali amuna odziwa utoto kuposa aliyense m'dziko lino.

Aneba athu, bambo wa Chibemba amene ankagwira ntchito ndi atate, ananditembenukira ndi moni wa kwawo.

"Shani, ba profesa? Imwe mwaphunzira. Utoto wa nsalu ungagwire pakhoma?"

Ndinayankha modekha kuti za makoma zinali m'chaka chotsatira chija ndinachoka. Anagwedeza mitu mwaulemu, ngati anthu a pamaliro.

Tsono munthu wonyika nsalu ali ndi chikhulupiriro chimodzi: utoto sugwira popanda mchere ndi madzi otentha. Izi kwa iwo sizifuna kukambirana. Choncho Loweruka ananditumiza panjinga ku Chanyanya, kwa azimayi oumitsa nsomba, ndipo ndinabwerako ndi thumba la mchere wamiyala lonunkha mtsinje. Tinawiritsa madzi m'migolo, kuthiramo laimu, utoto, ndi mchere wosayeza. Atate ankatakasa ndi mpini wa khasu, n'kumaviika chala, n'kumalawa.

"Onjezani," ankatero. "Khoma ndi lolimba kuposa nsalu."

Tinapaka ndi matsache. Yathu inakhala yabuluu, ya aneba yofiira ngati nyama, ina yachikasu, ina mtundu umene mpaka lero sindinaupezere dzina. Azimayi anazula udzu, ana anafukula ngalande imene ambiri sitinkadziwa kuti iliko. Dzuwa likulowa, anthu a m'mizere ina anabwera kudzaima chapatali, manja kumbuyo. Amai anatulutsa mpando n'kukhala panja kuti awaone bwino akusirira.

Tsiku lobwera mkulu uja, ndinadzuka ndi phokoso ngati munthu akukwecha mphika kuseri kwa khoma. Nditatuluka ndinapeza mbuzi. Wogulitsa wina wa ku Shimabala anali atazigoneka kudambo podikira msika, ndipo mbuzizo zinamva fungo la mchere. Zinali zitandandalika m'mbali mwa nyumba zonse, mwadongosolo kuposa anthu pa geti la fakitale, zikunyambita. Zazing'ono zinkagwira ntchito pansi, zazikulu zitaimirira ndi miyendo yakumbuyo. Kuchokera pansi mpaka pofika m'chiuno mwa munthu, utoto unali utapita.

Mzere wonse unatuluka, wina ndi tsache, wina ndi nsapato, wina atangodzikulunga bulangeti. Ukathamangitsa mbuzi kunyumba yabuluu, inkangosamukira kuyachikasu. Mwini wake anafika akuthamanga, n'kugwira imodzi, n'kuitsegula kukamwa.

"Manje mbuzi ya lilime la buluu nizagulisa kuli ndani?"

"Gulisani ngati ya kunja," anatero aneba athu. "Mtengo ukwera."

Atate anaima pakati pa msewu akuyang'ana khoma lawo.

"Amake mwana," anatero, "mwina mchere unachuluka pang'ono."

"Pang'ono," anatero amai. "Mukanathiramo ndi tomato, atate ake, kuti alendo adye bwino."

Galimoto ya mkulu uja inafika nthawi yomweyo. Anatsika bambo wamfupi wa suti yopanda tayi, yofala masiku amenewo. Anayenda pang'onopang'ono kuchokera kunyumba yoyamba mpaka yomaliza. Anayang'ana ngalande, anayang'ana mabwalo osesedwa, anayang'ana mbuzi ina imene inamuyang'ananso ndi milomo yofiira. Anakhudza khoma lathu, chala chake n'kusanduka chabuluu.

"Ndani anaganiza zimenezi?"

Amuna onse anayang'ana ine. Maphunziro ali ndi ntchito yake.

Koma amai anadutsa pakati pathu, tsache lili m'manja.

"Abwana, tinamva kuti mufuna kugwetsa mzere uno chifukwa ndi wakufa. Onani nokha. Ngati muli munthu wakufa muno, mutisonyeze, tikamuike."

Bamboyo anayamba kutsokomola, n'kutulutsa kansalu kuphimba pakamwa, mapewa akugwedezeka. Anapita kuseri kwa galimoto kukatsiriza chifuwa chakecho. Atabwerako, maso ali onyowa, anati iye wayendera nyumba zambiri, koma sanaonepo anthu akulimbana ndi ziweto chifukwa cha nyumba zimene si zawo n'komwe. Mzerewo ukhala. Nyumba zopanda anthu apatsa mabanja amene ankadikira malo. Koma makoma onse atsukidwe, apakidwe laimu yekha, ndipo atate, amene manja awo a utoto anali atawaulula kale, asayandikirenso mgolo.

Tinapaka laimu sabata yotsatira, atate akuyang'anira ali chapatali, manja m'thumba. Mabanja atsopano analowa dzinja lisanafike, ena a ku njanji, ena ogulitsa nsomba, ndipo usana mumzere munayambanso kumveka kulira kwa makanda. Mbuzi sinafe ngakhale imodzi, ndipo ndinamva kuti zinagulidwa zonse.

Amai anakhala m'nyumba imeneyo mpaka tsitsi lonse litayera. Mvula ikagwa kwambiri, buluu uja ankatulukira pansi pa laimu, m'mizere yokhotakhota. Mlendo akafunsa, iwo ankati ndi mmene anaimangira.