Abambo Osema Amene Amaona ndi Zala

Abambo oyandikana nafe ku Mchesi amasemabe ziboliboli ngakhale maso awo anachita khungu kalekale. Chilichonse amayamba achisisita. "Maso anga ndi awa," amatero akutambasula zala.

Mwezi watha nkhope ya malemu akazi awo, amake Olipa, yomwe anaisema okha, inalowa m'chionetsero pa kanyumba koonetsera zaluso ku Area 25. Ndinawaperekeza atavala jekete yawo yakutchalitchi. Tinapeza nkhopeyo aitsekera m'bokosi lagalasi. Abambowo anatambasula dzanja, zala n'kugunda galasi.

"Pepani Abambo, kuno sitilola kugwira," anatero mayi woyang'anira malowo.

Sanakangane naye. Anabweza manja kumbuyo, n'kuima pomwepo nthawi yaitali. Kenako anandinong'oneza.

"Aneba, tandiuzani inuyo. Amake Olipa akumwetulirabe?"