Agogo Ophunzira Kugwa

Usiku kukamveka "khu!" kuseri kwa khoma, mayi wakhanda amadziwa kuti agogo a nyumba yoyandikana ayambanso. Agogowo amati malipiro a mtsikana wowasamalira akusaukitsa ana awo, choncho akuphunzira kugwa ndi kudzuka okha kuti amuchotse ntchito. "Kugwa ndakhoza kale," amatero, "kwangotsala kudzukako."

Tsiku lina kunamveka "khu!", kenako zii. Mayiyo, poopa kuti kwagwa maliro, anabereka mwana n'kuthamangirako. Anawapeza ali chagada, akuyang'ana kudenga.

Atawadzutsa, agogo anafunsa, "Ndikulipire zingati, mwanawe?"

"Ayi agogo, n'zaulere."

"Zaulere?" Maso awo anawala.

Kutacha anauza mtsikana uja kuti asadzabwerenso, koma asanapite awakankhire bedi kukhoma la mayiyo.