Wochapa Majezi a Kafubu Hammers

Mayi Prisika Nsofwa, amene tauni yonse inkawatchula kuti Bana Kasuba potengera dzina la mwana wawo woyamba, tinawaika m'manda mwezi wathawu. Ambiri m'parishi muno tinawadziwa kudzera m'manong'onong'o, choncho nkoyenera kuti moyo wawo ufotokozedwe poyera.

Anabadwira m'komboni ya mgodi, ndipo sukulu anailekezera panjira kuti alere azing'ono awo mayi atamwalira. Misa ya m'mawa sankaphonya ngakhale mvula ikugwa. Anakwatiwa ndi a Edimondi Lombe, goloboyi woyamba wa Kafubu Hammers, masiku amene timuyo inali gulu chabe la anyamata omenya mpira akaweruka kumgodi, magolo ali mapaipi otola kudzala. Mwala utawagwera a Lombe mumgodi nkuwapha, timu inalemba ntchito mayi wamasiyeyo yochapa majezi. Chaka chomwecho analowa m'gulu la Amayi a Anna Woyera, ndipo yunifomu ya gululo ankaisita mosamala kuposa chovala china chilichonse.

Timu itakwera mu ligi yaikulu, kukayikirana kunakwera nayo. Osewera ankalowa m'bwalo la eni polumpha mpanda, kuopa zokwiriridwa pachipata. Mlendo akapereka moni wa m'manja, dzanjalo ankalipukuta. Ndiyeno tsiku lina masana a Sikazwe, wapampando wa timu, anafika kwa Bana Kasuba ndi kabotolo ka madzi akuda kochokera kwa sing'anga, nawauza kuti azithira m'madzi otsukuluzira majezi masewero aakulu akayandikira. Anaonjeza kuti ngati chikhristu chikuwavuta anene, pakuti mlamu wawo anali wokonzeka kutenga ntchitoyo.

Bana Kasuba anaganizira anyamata aja, ena a iwo otumikira pa Misa, atavala zoviikidwa m'zinthu zosadziwika. Kabotolo analandira. A Sikazwe atapita, anakathira madziwo m'chimbudzi, majezi nkutsukuluza ndi madzi a pampopi, akunena kolona. Anachita chimodzimodzi ndi mabotolo onse amene anabwera pambuyo pake.

Koma m'komboni nyumba zimayang'anizana, ndipo kabotolo kaja kanaonedwa. Hammers itatenga chikho chake choyamba, amayi a gulu anawaitanitsa. Mtsogoleri wawo, Bana Chomba, mayi wolimbikira koma wa makutu aatali, anawafunsa ngati nzoona kuti amalandira mankhwala. Anavomera kuti amalandira. Atafunsidwa ngati amathira, anangoyang'ana pansi. Ankadziwa kuti mawu onenedwa pamenepo akafika kumsika dzuwa lisanalowe, kwa a Sikazwe m'mawa mwake, ndipo majezi akapita kwa mlamu uja. Tsiku lomwelo anawavula yunifomu mpaka atalapa.

Zinawapweteka kwambiri. Lamulungu ankakhala pabenchi ya kumbuyo atavala chitenje wamba, anzawo akuyenda pamzere kukapereka mphatso kuguwa. Bambo mfumu, amene ankamva kulapa kwawo, sanawamane Ukaristia, ndipo ife tinayamba kuwakayikira bambo mfumuwo, tikumati mwina ndi wotsatira Hammers wobisala. Chikanda, chakudya chimene Bana Kasuba ankabweretsa pamaliro, chinkabwerera chosakhudzidwa.

Kutimu nakonso sikunali mtendere. Akagonja, a komiti ankati mayiyo wagulidwa ndi adani, kapena kolona yake ikusungunula mankhwala. Ena ankabwera kudzanunkhiza majezi pachingwe. Iwo ankangowauza kuti, "Nunkhizani, bambo, koma m'manja musambe kaye." Akapambana, onse ankaiwala, nkumawanyamula m'mwamba ngati mphunzitsi wa timu.

Ndipo Hammers inapambanadi. Inatenga ligi, inatetezanso, inakwera ndege kukasewera kunja, ndipo anyamata ake angapo anaitanidwa ku timu ya dziko. Ntchito za mgodi zitalowa pansi timu inatsika, kenako inakweranso. A Sikazwe anamwalira, koma wapampando aliyense wolowa ankabwera ndi kabotolo kake. Chikho chilichonse chimene chinadutsa mumsewu pa lole chinkatsimikizira amayi a gulu kuti sanalakwitse. Bana Kasuba anakalamba akuchapabe, akuphikira osewera ochokera kutali ifisashi, ndiwo zamasamba zotendera, akuwakokera ku tchalitchi amene akanatha kuwakoka. Ankakonda kunena kuti thukuta la mwana wa munthu silifuna chothandizira.

Atagwa ndi matenda a mtima, zinaoneka kuti sadzabwereranso kubeseni. Atadzozedwa mafuta a odwala, Bana Chomba, nawonso atakalamba, anabwera ndi yunifomu ija m'chikwama. Anakhala pamphasa nanena kuti sakufuna mnzawo apite chonchi, angovomera tchimo lawo, gulu lidzawaveka.

"Sindinathirepo, mayi," anatero wodwalayo. "Ngakhale dontho. Onse anathera m'chimbudzi."

"Nanga osanena bwanji zaka zonsezi?"

"Ndikananena kwa inu? Pakamwa panupo, mayi, mukupadziwa. Ana aja akanavala zonyansa. Tsopano manja anga atha, pitani mukalengeze, ndipo muyambire kubwalo la mpira."

Bana Chomba ankaonekabe okayika. Kenako anafunsa chimene chinali mumtima mwa tonsefe, ife omwe timaimba Lamulungu lililonse kuti mankhwala alibe mphamvu.

"Nanga ngati simunkathira, zikho zonse zija ankazitenga bwanji?"

Bana Kasuba anaseka mpaka kutsokomola. "Ankathamanga, mayi. Ana aja ankathamanga."

Anamwalira mwamtendere m'mawa mwake, Kasuba atawagwira dzanja. Bana Chomba sanatume munthu, anawasambitsa ndi kuwaveka okha, akulira. Yunifomuyo inawakulira kwambiri, pakuti inasokedwera mayi wamphamvu, ndipo tinaibweza kwa nkhalamba. Bokosi linanyamulidwa ndi osewera akale ndi atsopano, ena imvi zili mbuu, ndipo aka kanali koyamba kuti amve kuti zikho zija zinali zawozawo.

Mulungu awapatse mpumulo wosatha mdzakazi wake Prisika, ndipo atikhululukire ife. Pa Misa ya maliro amayi a gulu anakonza malo awo kutsogolo monga mwa nthawi zonse, koma Bana Chomba anawadutsa, nakagwada pabenchi ya kumbuyo.