Mbale za ku Kampu Zinabwela Zomanga

Chaka chimenecho, Sondo yoyamba ya Januwale, abusa athu anagawa timapepala m'chalichi n'kutiuza kuti aliyense alembe chinthu chimodzi chimene adzachitila Mulungu chaka chonse. Anzanga analemba zikuluzikulu. Wina ati adzasala kudya Lachisanu lililonse, wina ati adzawelenga malemba onse mpaka kothela. Ine ndimadzidziwa. Ndikasala kudya ndimakalipila aliyense, ndikayamba kuwelenga ndimagona pa tsamba lachiwili. Chimene manja anga adziwa ndi kuphika. Ndiye ndinalemba kuti Sondo iliyonse tikaweluka, aliyense wolowa pachipata panga adzadya, ndipo sindidzamufunsa chimene wabwelela.

Amuna anga ataona kapepalako anaseka. "Amai, mwalemba ndi dzanja lanu, koma nkhuku zimene zidzatha ndi zanga." Ndinawauza kuti akadandaule kwa amene analenga nkhukuzo.

Lonjezo limenelo linali ndi kumene linachokela. Ine ndinalowa m'dziko muno ndili kumsana kwa amai, tikuthawa nkhondo ya ku Mozambiki. Atate anatsala m'njila. Nkhope yao sindiidziwa, pamene anagona sindipadziwa. Ndinakulila ku kampu ya othawa nkhondo, m'boma la Petauke, ndipo nkhondo itatha ambili anabwelela, koma amai anati alibe wobwelelako. Tinakhala, tinalima, ndinakwatiwa ndi mnyamata wa ku kampu komweko, kenako tinasamukila kuno ku Nyimba kudzalima nthochi. Amai asanamwalile ankakonda kukamba kuti tsiku limene tinadumpha malile, mayi wina wachinsenga anatiphikila ndiwo za masamba a lumanda osatifunsa ngakhale dzina. Paja kuno mbale siibwela yopanda kanthu. Mnzako akakutumizila ndiwo, umatsuka mbale yake n'kuikamo kaya nshawa, kaya tomato awili, ndiye n'kubweza. Ine ndinkaona kuti mbale ya mayi uja sitinabweze.

Cha amai chimene chinanditsalila ndi mbale ziwili zachitsulo, zotuwa, zimene ankagawa ku kampu. Imodzi ndi yopindika m'mphepete. Munthu wa msinkhu wanga ku Petauke akaziona safunsa, amadziwa kumene zinachokela. Ine ndinaziika kukhala mbale za mlendo, chifukwa m'nyumba mwanga munalibe china chaulemu kuposa zimenezo.

Alendo anabwela, osati masewela. Oyendetsa malole amene galimoto yawafela ku Kacholola, azimai a ku Luembe odikila odwala ku chipatala, ngakhale bambo wina woledzela amene anapemphelela chakudya mpaka ndiwo zinazizila. Koma amene sanaphonye Sondo ndi amai apampando a gulu lathu la azimai. Anali amasiye, aakulu kwa ine, eni dela lino, makolo ao a ku Luembe. Sankakhala pa mpando wa alendo iyayi. Ankalunjika kukhichini, n'kuvula nsapato, n'kundilanda munsi.

"Mng'ono wanga, lelo mwatiphikila chiyani?"

Ankadziwa yankho. Lumanda ndiye anali ndiwo yao. Ine ndimaika chidulo chodontheza ndekha, osati soda wa m'sitolo, ndipo nsinjilo ndimathila kawili kuti kuwawasa kutsale kapatali chabe. Amai apampando ankadya atatseka maso. Pochoka ndinkawapakulilako wina m'mbale yopindika ija, ndipo Lolemba mbaleyo inkabwela ndi mbatata, nthawi zina masuku, kamodzi ndi uchi. Ndisaname, ndinawakonda amai aja. Munthu wokula wopanda mkulu wake, wopanda azakhali, akamva wina akumuti mng'ono wanga, mtima umasungunuka.

Sondo ina m'nyengo yozizila tinatsala awili pa mbaula, ndipo ndinawauza zonse. Za atate, za mudzi umene ngakhale dzina lake sindilitchula bwino, zoti ndilibe malume woti angandikhalile pa mlandu. Zinthu zimene ngakhale ana anga sindinawauze mokwana. Amai apampando analila misozi yeniyeni, anandigwila manja onse awili n'kupemphela. Pomaliza anati, "Kuyambila lelo m'bale wanu ndine."

Pambuyo pake anayamba kubwela ndi mwana wao wamkazi, amene anali atangomaliza kosi ya uphunzitsi. Ine ndili ndi mwana wamwamuna woyamba, amakonza njinga zamoto kumsika. Munthu ameneyo pa Sondo ankadya choimilila n'kuthamangila ku mpila. Mwadzidzidzi anayamba kusita malaya, kusamba m'manja kawili, kufunsa ngati madzi akumwa akwana. Mayo ine! Ngakhale nkhuku za pabwalo zinaona. Ndipo amene anayamba kutchula si ine. Ndi amai apampando amene anandigunda ndi chigongono kukhichini n'kunong'ona kuti, "Asewele, taonani ana anu." Kuyambila pamenepo tikakhala awili tinkaitanana asewele, ngati kuti ana akwatilana kale.

Mu Okutobala mwana wanga anatikhazika pansi n'kutiuza kuti akufuna kukwatila mtsikana uja. Tinapempha mkulu wina wa mpingo kuti akhale nkhoswe. Mwambo wake ndi wodziwika. Chikole chimaikidwa m'mbale, n'kuvundikila ndi mbale inzake, n'kumanga m'nsalu. Nkhoswe imanyamula kupita kwa amalume a mtsikana. Akavomela amamasula, amachotsa chikole, ndipo mbale zimabwela ndi kanthu, kaya nyemba, kaya ufa, nkhuku ili pambali.

Ine ndinatsitsa mbale za amai. Amuna anga anandiyang'ana nthawi yaitali.

"Amai, tigule zatsopano. Mbale izi zimalankhula."

Ndinapsa mtima. "Zimalankhula chiyani? Kuti tinali ndi njala n'kupulumuka? Amai apampando adyela m'mbale izi miyezi khumi, lelo zichititse manyazi? Mwana uyu alibe agogo omupelekeza. Mbale izi ndizo agogo ake."

Ndinaika chikole m'mbale, n'kuvundikila ndi inzake. Ndinamanga ndekha m'nsalu yoyela, mfundo ziwili, ina pamwamba pa inzake, monga ndimamangila mtolo wa kuchigayo.

Nkhoswe inanyamuka Loweluka m'mawa pa njinga. Ine ndinapha tambala, ndinasefa thobwa, ndinasesa pabwalo kawili. Dzuwa lisanafike pamutu ndinamva belu la njinga pachipata. Bambo aja anatsika pang'onopang'ono, mtolo uli m'manja, nkhuku palibe. Anakana kukhala. Anangoti, "Akana," n'kundipatsa mtolowo osandiyang'ana kumaso. Mwana wanga anatola zitsulo zake n'kupita kumsika, malaya osita ali m'thupi. Amuna anga sananene kuti ndinakuuzani. Akanangonena, bwenzi kuli bwino.

Mtolo uja ndinauponya pamwamba pa kabati osauyang'ana. Mlungu wonse ndinadzitukwana. Ndinkati amalume aja atamasula aona mbale za ku kampu, n'chifukwa chake akana. Ndinkati ine ndi makani anga ndamuphela mwana ukwati. Ndinafika pogwada pamaso pa mwana wobala ndekha kumupempha kuti andikhululukile. Ndipo m'kupusa kwanga ndinkawamvela chisoni amai apampando. Ndinkati kaya avutika bwanji kutikambila pakati pa alongo ao.

Lachisanu sindinathenso kupilila. Ndinawatsatila ankhoswe kudimba kwao, ndinawapeza akuthilila kabichi.

"Bambo, ndiuzeni zoona. Ndi mbale zija?"

Anaika chothilila pansi. "Amai, mwauona mtolowo? Kaoneni mfundo. Palibe amene anamasula."

Kenako anandiuza. Amalume a mtsikana anali atakhala pa mkeka, okonzeka, nkhuku yomanga miyendo ili pansi pa mango. Wamkulu wao atangotambasula dzanja, amai apampando anati dikilani. Ankhoswe anabweleza mawu ao monga anawamvela: "Anthu awa ndimawadziwa, ndimadya kwao. Ndi anthu abwino, koma alibe kwao. Mwini wake anandiuza ndi pakamwa pake kuti manda a atate ake sawadziwa, malume alibe. Mwana wanga akavutika tidzakamba ndi ndani? Akamudumphitsa malile tidzamufuna kuti?" Amalume atamva zimenezo anabweza dzanja.

Sindikumbuka mmene ndinayendela kubwelela kunyumba. Ndinakwela pa mpando, ndinatsitsa mtolo. Mfundo ziwili, ina pamwamba pa inzake. Zanga.

Akanakana chabe, ndikanalila n'kuleka. Mwana ndi wao. Koma anatenga mawu amene ndinawapatsa pa mbaula, amene analilila nao misozi, n'kukawayala pa mkeka pamaso pa amuna. Ndinamva ngati andivula chitenje pamsika. Asewele! Anali kuseka chiyani miyezi yonseyo? Ndinapelekedwa ndi munthu amene ndinkamusungila chiwindi cha nkhuku.

Mtsikana uja anamutumiza ku Lusaka kwa m'bale wao. Patapita masiku ochepa mwana wanga anagulitsa zitsulo zake zina n'kunena kuti akupita ku migodi. Pa siteshoni anatembenuka n'kundifunsa. "Amai, ine ndinabadwila kuno, sukulu kuno, ubatizo kuno. Nanga kwathu n'kuti?" Basi inabwela, anakwela.

Masondo awili amai apampando sanaoneke pakhomo panga. Sondo yachitatu kunabwela mlaliki wa ku Petauke, ndipo monga mwa chizolowezi cha chaka chimenecho, tikaweluka akulu a mpingo anamubweletsa kwa ine. Ndili pa mbaula ndinakweza maso. Patsogolo pa onse, bulauzi yoyela, duku loyela, chikwama cha mlaliki atamunyamulila, amai apampando.

Amuna anga anabwela kukhichini mofulumila. "Ndiwabweze?"

Ndinafuna kuvomela. Mulungu ndi mboni, pakamwa panali patatseguka kale. Koma kapepala kaja kanali kokhomedwa kuseli kwa chitseko, ndi zilembo zanga zokhota. Aliyense wolowa pachipata. Sindinalembe kuti aliyense kupatula wondipeleka. Ndinatukwana dzanja limene linalemba, n'kuwauza amuna anga kuti awapatse mpando.

Ndinawasambitsa m'manja onse, mmodzimmodzi, nditagwada. Ndinabweletsa nkhuku, nyemba, lumanda. Aliyense ndinamuikila mbale yake ya dongo loyela, ya masiku onse. Kenako ndinakwela pa mpando, ndinatsitsa mtolo uja ndi fumbi lake, n'kuuika patsogolo pa amai apampando.

"Amai, mbale yanu ija ndi iyi. Masulani mudyelemo."

Ankhoswe anali pomwepo, anayang'ana pansi. Mlaliki yekha, wosadziwa kanthu, anamwetulila n'kunena kuti kuno ku Nyimba mumalemekeza atsogoleli. Amai apampando anayang'ana mfundo zija, manja ali pamiyendo. Ndinaimilila pomwepo kudikila. Mumtima ndinkati akangomasula, ngakhale lelo, ngakhale mwana wanga ali kutali, mwina tingakambe.

Anakweza nkhope, n'kumwetulila kumwetulila kwa kuchalichi. "Zikomo, mng'ono wanga. Lelo ndikusala kudya."

Anthu anadya msangamsanga. Mtolo unakhala pa tebulo mpaka pemphelo lotsekela. Ine ndinabwelela kukhichini kukatsuka mapoto, kuti manja apeze chochita asanachite zina.

Alendo akutsazika pabwalo, ndinamva mthunzi pakhomo la khichini. Amai apampando, nsapato zili kumapazi. Analankhula motsitsa, ndi mawu omwe aja a masiku onse.

"Musandisungile mumtima, mng'ono wanga. Nkhani za ukwati n'za amalume. Ise tisalekane chifukwa cha ana." Anasuzumila mumphika. "Mundipakulileko lumanda pang'ono, ndikadye madzulo kusala kukatha."

Asa! Chipande chinali m'dzanja langa, ndipo ndinachiyang'ana. Koma ndinalonjeza kudyetsa, ndiye ndinadyetsa. Ndinapakula lumanda wambili, wa pansi pa mphika pamene nsinjilo zimakhala, amene ankamukonda. Ndinatambasula dzanja pa thandala la mbale, n'kuima. Kenako ndinatenga kapulasitiki kamene ndinagulila mchele, ndinathilamo ndiwozo, ndinamanga, n'kuwapatsa ndi manja awili.

Anakalandila n'kukayang'ana. Mayi wa kuno, wodziwa mwambo kuposa ine, anamva.

"Mbale mulibe, mng'ono wanga?"

"Zilipo, amai," ndinatelo. "Koma mbale imafuna kubweza. Ako mukadya mukataye."