Nkhono zandipezera labu

Mwaswera bwanji nonse ku Balaka?

Lero m'kalasi mwanga mwa Chingerezi kuno ku Mozambiki, wina wandifunsa dzina la nkhono. Digiri yanga ya sayansi yongogona mu sutikesi ija yandidzukira. Ndaiwala phunziro, n'kuyamba kujambula pa bolodi mmene nkhono zimafalitsira likodzo, mpaka belu kulira!

Titaweruka, a Jafali, mmodzi mwa ophunzira anga, bambo achikulire amene ngakhale moni wa Chingerezi umawavuta, andiitana. "Aphunzitsi, mukutani kuno? Ine ndimayang'anira labu yoyeza madzi a m'nyanja ya Chiuta. Mubwere Disembala yense tikagwire ntchito limodzi."

Ndavomera ndisanaganize n'komwe. Kenako ndakumbukira kuti Disembala yemweyo ndi ukwati wanu achemwali a Sitela, ndipo woperekeza mkwatibwi ndine. Mundikhululukira? Amayi, inu mukuti bwanji?